Bakha wa Bambo

Bambo atamwalira, amene anaonetsa kuti pakhomo pagwa maliro anali bakha. Ife anthu tinangouma. Amayi ankathira tiyi m'kapu n'kumuiwala mpaka kuzizira. Ine ndinkadzuka, kusamba, kuyankha mafoni a anthu opepesa ndi mawu omwewomwewo, "zikomo, tikulimba," koma mumtima munalibe kanthu. Si kuti ndinkabisa misozi ayi, kunalibe misozi yoti ndibise. Ndinkadzifunsa ngati ndine mwana woipa, ndipo ngakhale funso limenelo silinkandipweteka.

Bakhayo dzina lake linali Kapitawo. Bambo anamutola m'ngalande ali kamwana, mvula itamukokolola, n'kubwera naye m'thumba la jekete. Iwo anali okonza mawailesi ndi ma TV, ndipo kachipinda kawo kantchito kanali ndi makomo awiri, lina loyang'ana kumsewu, lina lotulukira kubwalo lakuseri. Pakhomo lakuserilo panali thabwa lofika m'mawondo, lokhomedwa chopingasa, limene tonse tinkangolidumpha osafunsa. Bakha sankatha kulidumpha. Ndiye ankaima kuseri kwake tsiku lonse, khosi atasolola, mutu atapendeketsa, kuyang'ana bambo akuwotcherera mawaya ngati akufuna kuwapezera cholakwa. Dzina linachokera pamenepo.

Ine bakha ameneyu sindinkamukonda, ndisaname. Bambo anali munthu wosowa mawu. Ndikaimba foni kuchokera ku hotela kumene ndimagwira ntchito yosita zovala, iwo ankangoti, "Uli bwanji? Chabwino. Nawa amako." Basi, yatha. Koma ndikabwera kudzacheza ndinkawamva akukamba ndi bakha kuyambira m'mawa, kumuuza za makasitomala ovuta, za msana, za mvula imene ikuchedwa. Ndinkamutchula kuti achimwene, amayi n'kumaseka. Ine sindinkaseka kwenikweni.

Bambo anali ndi chizolowezi china chimene chinali nkhani pakhomo pathu chikhalire. Powotcherera mawaya pamagwa timadontho ta mtovu, tonyezimira, tating'ono ngati mitu ya mapini. Madzulo aliwonse asanatseke, ankagwada pansi ndi tochi n'kumatola timadonthoto kamodzikamodzi, kuponya m'chitini chakale cha mkaka. Tsache m'chipinda chimenecho linali loletsedwa.

"Kuumira kwa bambo ako," amayi ankatero ali pakhomo, atagwira m'chiuno. "Munthu ameneyu ngakhale thukuta lake akanatha bwenzi akulisunga m'botolo. Inu, mudzakagulitsa kuti timeneti? Tatulukani ndisesemo."

"Siyani, ndikonza ndekha," bambo ankayankha osadzutsa mutu.

Chitini chikadzaza ankapita nacho kumene ankadziwa okha, n'kubwera nacho chopanda kanthu. Matenda atawagwira ankagwirabe ntchito pang'onopang'ono, manja akunjenjemera, mtovu ukudontha kuposa kale, koma kugwada kunawakanika. Ankangotseka zitseko zonse ziwiri n'kuika kiyi m'thumba.

Maliro atatha, abale atabalalika, tsiku lina m'mawa ndinamva chitseko cha kachipinda kaja chikulira. Amayi anali atapeza kiyi. Anamanga duku, anazula thabwa lija, n'kuyamba kusesa ndi mphamvu zimene sindinawaone nazo chigonekereni bambo m'chipatala. Anasesa pansi pa tebulo, kuseri kwa mashelefu, m'makona monse, fumbi lonselo n'kulikankhira kunja kudzera khomo lakuseri mpaka pampopi, pamene sipauma matope. Ine ndinkathandiza kunyamula mawailesi akufa amene eni ake sanabwere kudzatenga. Ndinaona fumbilo likuthwanima padzuwa ndipo sindinaganize chilichonse. Masiku amenewo sindinkaganiza.

"Zaka zonsezi," amayi anatero akupukuta thukuta. "Lero ndasesamo." Sanaseke, sanalire. Anakhala pa sitepe n'kumayang'ana tsache lawo.

Kapitawo ankakonda pampopi paja. Bakha sadya ngati nkhuku imene imajompha ichi n'kusiya icho. Iye amalowetsa mlomo m'matope n'kumasefa, kalikonse kolimba n'kumeza. Pasanapite nthawi anasiya kudya mpunga umene amayi ankamuikira. Mapiko anagwa, poyenda n'kumawakoka ngati wavala jekete yobwereka. Zitosi zinasanduka zobiriwira. Ankapitabe pakhomo la bambo, ndipo ngakhale thabwa panalibe, ankaima pamalo ake omwe aja osalowa.

"Akulira mbuye wake," amayi anatero. "Nyama zili ndi mtima kuposa anthu ena." Sindikudziwa ngati ankanena ine kapena ankadzinena okha.

Tsiku limene Kapitawo anagwa koyamba ndinali kuchapa. Ankachokera kumpopi, kenaka anaima, mutu n'kuyamba kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono mpaka mlomo kuloza kumwamba, ngati pali wina akumukoka ndi chingwe. Anazungulirazungulira n'kugwa chagada. Miyendo inkapalasa m'mwamba, mapiko akumenya pansi phuphuphu, maso ali tong'o koma osaona. Sanalire. Chimene chinkamveka ndi mapiko okha ndi mlomo ukugunda simenti.

Ine ndinangoima kuonerera, thovu lili m'manja. Ndikukumbuka kuti chimene ndinkaganiza n'choti sopo akundilowa pachilonda cha pachala.

"Mayo, akufa! Madzi, madzi!" Amayi anamunyamula n'kumuika m'beseni langa lotsukuluzira. Kwa iwo bakha ndi madzi, akadwala mankhwala ake ndi madzi. Mutu wa Kapitawo unamira, mpweya n'kumatuluka m'mphuno, miyendo ikupalasabe. Apo m'pamene ndinadzidzimuka. Ndinamuvuula n'kumukulunga m'thaulo, ndipo patapita kanthawi thupi linalefuka. Anaphethira n'kundiyang'ana ngati sanandionepo.

"Khunyu," amayi ananong'ona. "Kodi bakha amagwa khunyu?"

"Kaya. Ndipita naye kwa dokotala wa ziweto."

"Bambo ako akanadziwa chochita."

"Bambo kulibe, amayi."

Ndinanena mouma, ngati ndikuwauza kuti shuga watha.

Ndinamuika m'katoni n'kukwera basi, katoniyo ili pamiyendo. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anasuzumira n'kufunsa ngati bakhayo ndi wogulitsa. Ndinati ndi achimwene anga, tikupita kuchipatala. Mayiyo anatembenukira kuwindo ndipo sanandilankhulenso.

Dokotala wa ziweto anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula mofulumira. Chipinda chake chinkamveka fungo la mankhwala ndi la agalu. Anamunyamula Kapitawo, kumugwira pachifuwa pamene panangotsala fupa, kumuunika m'maso. Anandifunsa ngati anagundidwa kumutu, ngati tinapopera mankhwala ophera tizilombo, ngati amadya chakudya chochita nkhungu. Zonsezo ndinati ayi. Kenaka anapita naye kukamujambula m'kati mwa thupi, n'kubwera ndi chithunzi chakuda chimene anachiika pagalasi lowala.

Mafupa ankaoneka otuwa ngati utsi. Koma pakatikati, m'nthutumba, munali timadontho toyera mbee, tambirimbiri, titaunjikana pamodzi.

"Izi ndi zitsulo," dokotala anatero akuloza ndi cholembera. "Ndipo mmene akugweramu, ndikuona kuti ndi mtovu. Nthutumba imapera zimenezi ngati chigayo, mtovu n'kulowa m'magazi mpaka kukafika kuubongo. N'chifukwa chake akugwa. Kwanu kuli munthu amene amawotcherera zinthu?"

"Analipo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ndipo sanafunsenso. Anamubaya jakisoni wokoka mtovu m'magazi, n'kumumwetsa mankhwala ena oti timadonthoto tituluke. Anati ndizibwera naye kudzabayitsa.

"Akagwa musamupanikize, musamuthire madzi kukamwa, ndipo beseni ayi, amira. Muikeni m'katoni ya nsanza, pamdima, popanda phokoso, zimusiya zokha. Madzi akumwa muziika m'kambale kosazama. Koma mayi, mumvetse ichi. Kumene anatola zimenezi asapondekonso mpaka mutapala dothi lonse. Mankhwala angawa sangalimbane ndi bwalo lanu. Mukawauze onse a pakhomo."

Ndinavomera ndi mutu.

Pobwerera m'basi ndinkaona bambo atagwada ndi tochi, amayi ali pakhomo atagwira m'chiuno. Ndinkaonanso amayi ali pa sitepe ndi tsache lawo, "lero ndasesamo." Chinali chinthu chokhacho chimene anachita ndi mtima wonse chimwalirireni bambo. Ndikawauze kuti tsache lawolo ndi limene likupha bakha wa amuna awo? Ndinaganiza zochita mwanzeru: ndisawauze, bwalo ndikapale ndekha mwakachetechete, bakha achire, nkhani ithere pomwepo. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu ukakhala wekha m'basi ndi katoni pamiyendo umadziona wochenjera.

"Akuti chiyani?" amayi anandichingamira pageti.

"Akuti ndi matenda a mitsempha, amagwira abakha akamakula. Azikhala m'katoni m'nyumba, asatuluke."

"Mpaka liti?"

"Mpaka achire."

Bwalo sindinalipale. Amayi chimwalirireni bambo sankapita kulikonse. Ankakhala pa sitepe yakuseri kuyambira m'mawa, moyang'anizana ndi mpopi. Nditatenga fosholo anandifunsa kuti ndikufuna kukumba manda a yani. Nditatenga tsache anati asesa kale, kodi kusesa kwawo sikukundikwanira? Ndinabweza zonse pamalo pake n'kudziuza kuti mawa. Mawa lake ndinadziuzanso chimodzimodzi.

Kapitawo anayamba kupeza bwino. Kugwa kunachepa, kenaka kunasiya. Khosi linatsala lopindika pang'ono, moti tsopano ankaoneka kapitawo weniweni, wokayikira chilichonse. Ndinawaphunzitsa amayi zonse zimene dokotala ananena za katoni, za mdima, za beseni, kupatula chimodzi chija. Iwo ankamudyetsa pamanja n'kumalankhula naye motsitsa mawu. Tsiku lina ndinawamva akumuuza za msana wawo.

Masana ena ndinapita kukagula buledi ndi sopo, ndipo pobwera ndinapeza m'katoni muli pululu. Kapitawo anali pampopi, mlomo uli m'matope mpaka m'maso, akusefa mosangalala. Amayi anali pa sitepe akumwetulira, koyamba chichitikireni maliro.

"Taona achimwene ako! Achira."

"Amayi, adokotala anati asatuluke!"

"Aaa, bakha si wailesi kuti azikhala m'katoni. Amafuna dothi. Ndimamutulutsa iwe ukamasamba kapena ukachokapo, ndipo taona mmene wapezera mphamvu."

Pamenepo m'pamene ndikananena. Mawu anafika pakhosi, ndinayang'ana kumwetulira kuja, n'kuwameza. Ndinangomunyamula n'kukamubwezera m'katoni ndikung'ung'udza za adokotala. Pakhomo pathu kusanena n'kwakumtundu.

Kugwa kunabweranso m'mawa wina, ndipo ulendo uno sikunapume. Akati atsitsimuke, khosi linkabwereranso chammbuyo. Ndinaimbira dokotala, iye anati ndithamange naye, koma ndikuvala nsapato amayi anandiitana. Anali atakhala pansi m'khitchini, makatani atatseka, Kapitawo ali pamiyendo atamukulunga m'jekete yantchito ya bambo, ija yobookabooka ndi moto. Sanamuthire madzi, sanamupanikize, anachita zonse mmene ndinawauzira. Miyendo inapalasa pang'ono, kenaka inawongoka, basi.

Ndinaima nditavala nsapato imodzi. Sindinamve kanthu kupatula kuzizira kwa simenti kuphazi linalo.

"Watsatira mbuye wake," amayi anatero akusisita nthenga. "Ndinadziwa ine. Chikondi chake chinali chachikulu, sakanakhala."

Sindikudziwa chimene chinandipsetsa mtima. Mwina ndi mawu akuti chikondi, mwina ndi mmene anawanenera mokoma ngati nkhani yatha bwino. Mkwiyo unali chinthu choyamba kuchimva m'thupi mwanga chichokereni kumanda, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri.

"Sanatsatire munthu, amayi! Wafa ndi mtovu. Timadontho ta bambo tija, timene munasesera pampopi, ndi timene wakhala akumeza. Adokotala anandionetsa, tinali titadzaza m'mimba mwake. Anati asapondenso pabwalo. Mumati bambo ndi oumira, oumira, chonsecho ankatolera bakha wawoyu kuti asafe!"

Amayi anasiya kusisita.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe ndinapita naye."

"Osandiuza."

"Ndimaopa kuti zikupwetekani."

"Ndiye panopa sizikundipweteka?"

Iwo anamugoneka Kapitawo pansi bwinobwino, kumufunditsa jekete mpaka kumutu, n'kudzuka atagwira khoma. Ndinaganiza kuti akupita kukadzitsekera kuchipinda. Koma analowa m'kachipinda ka bambo, ndinamva akusuntha zinthu, n'kutuluka ndi chitini cha mkaka chija. Anapita pampopi, anagwada m'matope ndi diresi lawo lochapachapa, n'kuyamba kufufuza ndi zala.

"Amayi, wafa kale. Palibenso chifukwa."

"Nkhuku za aneba zimalowa muno," anatero osadzutsa mutu. "Ndi kamwana kawo kaja amabwera nako akamatunga madzi."

Ndinavula nsapato ija n'kukagwada pambali pawo. Timadonthoto tinali tovuta kuona, umayenera kupendeketsa mutu kuti dzuwa litiwalitse. Kalikonse kakagwera m'chitini kankalira kuti ngwe. Tinatola mpaka mawondo anachita dzanzi, madzi a pampopi akudontha pafupi nafe.

"Wati ankatolera bakha," amayi anatero kenaka. "Bakha wabwera liti pakhomo pano? Si dzana lomweli?"

Anaponya kadontho m'chitini n'kupitiriza.

"Kale bambo ako ankasesa ngati munthu wina aliyense, n'kutayira kunja. Anayamba kugwada chaka chimene iwe unayamba kukwawa. Unali wotolatola iwe, chilichonse kukamwa. Tsiku lina anakupeza pakhomo paja, anakutulutsa kanthu m'kamwa ndi chala, iwe n'kulira mpaka kusasa mawu. Sanandiuze kuti kanali chiyani. Madzulo ake anakhoma thabwa, n'kundipempha chitini chako cha mkaka." Anaponya kadontho kena. "Ine ndimati kuumira. Iwo osanena."

Ndinayang'ana chitinicho. Ndakhala ndikuchiona moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo m'pamene ndinachiyang'ana. Dzimbiri linali litadya zolemba zonse, kungotsala nkhope ya kamwana kojambulidwa, koseka, ndipo m'mbali munali mosalala mmene chala cha bambo chinkagwira. Pansi pa nthiti panayamba kundipweteka, monga umachitira mwendo wadzanzi magazi akayamba kubwerera. Ndinafuna bambo anga. Ndinawafuna kwambiri moti ndinalephera kupuma bwino.

"Tola," amayi anatero. "Pafupi ndi bondo lako pali kena."

Ndinapendeketsa mutu mpaka ndinakaona, ndipo ndinakatola.